Bogi ya Mkuwa pa Njanji ya a Gwanda

Baji yachiwiri inali yanga. Palibe amene anandilonjeza, koma munthu aliyense woganiza bwino akanavomereza kuti inali yanga.

Chaka chilichonse mu Febuluwale, kuno ku Glasgow kumachitika chionetsero cha masitima ang'onoang'ono, aja oyenda ndi magetsi patebulo. Chimatenga masiku atatu. Munthu amene wavomerezedwa kuonetsa njanji yake amapatsidwa mabaji awiri, yake ndi ya womuthandiza, ndipo awiriwo amaima mkati mwa chingwe n'kumayendetsa sitima anthu akuonerera. Ena onse amagula tikiti n'kuima kunja kwa chingwe, manja kumbuyo. Bambo Gwanda anakanidwa kawiri. Ulendo wachitatu anawavomera. Ndipo munthu amene kwa chaka ndi miyezi iwiri ankanyamuka ku Partick Loweruka lililonse masana, kutsikira m'tauni, kukwera basi ya ku Shawlands, n'kukwera masitepe mpaka nsanjika yachitatu, anali ine.

A Gwanda ali mnyamata ankashanta mabogi pa siteshoni ya Limbe. Kushanta ndi kukankha ndi kukoka mabogi a katundu, kuwalowetsa ndi kuwatulutsa m'nthambi za njanji, mpaka atafola monga ulendo ukufunira. Anabwera kuno mu 2003 kutsatira akazi awo, Mayi Flossie, amene anapeza ntchito ya unamwino. Anayamba kukhala ku Sighthill, m'nyumba zazitali zija anazigwetsa. Anayendetsa basi mpaka tsitsi kuyera, ndipo atapuma anatenga chitseko chakale n'kuchigoneka pa matebulo awiri, m'chipinda chimene ankagona mwana wawo John. Pachitsekopo anamangapo Limbe: nthambi zitatu za njanji, shedi ya malata odula ku zitini za nyemba, mtengo wa mango wa mawaya, ndi kamayi kakang'ono ngati chikhadabo, katasenza nthochi.

Tinadziwana pa tiyi wa kutchalitchi. Atamva kuti ndamaliza digiri yachiwiri ya masamu koma ndikulongedza maphukusi kunyumba ina yosungiramo katundu, anaika kapu pansi.

"Lusayo, eti? Ubwere Loweruka. Ndili ndi samu imene ku yunivesite sanakuphunzitse."

Samu yake inali iyi. Mabogi ndi asanu ndi atatu. Nthambi imodzi imalowa mabogi asanu, ziwiri zinazo atatu atatu. Injini singakoke oposa atatu nthawi imodzi, chifukwa ikatero ifika pothera chitseko n'kugwera pakapeti. Bogi iliyonse ili ndi kakhadi kake. Mumapisa m'chipewa n'kutulutsa timakhadi tisanu, ndipo muyenera kufoletsa mabogi asanuwo monga timakhadito tatulukira. Tsiku loyamba ndinayendetsa injini maulendo 31. Patatha miyezi itatu ndinkamaliza ndi 15 kapena 16, ndipo ndinkayamba ndamaliza m'mutu ndisanakhudze batani. Iwo ankashanta ndi thupi lonse, akuimba mluzu, akukweza mkono kwa dalaivala amene kunalibe. Ine ndinkangokhala phee, n'kumawerengera.

"Iwe pa Limbe ukanakhala bwana wa yadi," ankatero. Mawu amenewo ndinkakwera nawo basi ngati kamba wa paulendo.

Mabogi onse anali apulasitiki, akaunjika, a mapaundi asanu kapena asanu ndi atatu. Imodzi, yobiriwira, yothyoka sitepe, ndinagula ndine pamsika wa zinthu zakale. Anailandira bwino, n'kuilembera khadi lakelake.

Kenaka mu Novembala kunabwera Percy.

Percy ndi wa ku Area 47, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Amagwira ntchito m'famase ina kuno, ndipo mipando ya galimoto yake imatenthetsa matako. Kwake ali ndi kabati yagalasi ya masitima a ku America amene sanapondepo njanji. Anamva za Limbe wa a Gwanda kutchalitchi, n'kupempha kuti adzaone. Tinakumana pansi pa masitepe. Anali atakumbatira bokosi lofiirira ngati akupita nalo ku ubatizo.

"Muli chiyani mmenemo, akulu? Keke?"

"Mkuwa, aise. Bogi ya mafuta. Anaipanga ndi manja ku Korea. Zilipo zana limodzi ndi makumi asanu basi, dziko lonse."

"Zingati?"

Anayang'ana kumwamba, ngati mtengowo ungamveke pa nsanjika yachitatu. "Foo eite. Osaphatikiza positi."

Mapaundi 480. Chipinda changa ku Partick ndi 520 pamwezi, ndipo chimenecho chili ndi windo.

"Imanyamula mafuta enieni?"

"Usandiseke, iwe. Kalikonse amawotcherera pakokha. Makwerero, timipope, mabuleki. Munthu mmodzi, masabata awiri, ndi galasi lokulitsira zinthu pamaso. Pulasitiki amangothira m'chikombole ngati njerwa."

A Gwanda tinawapeza atakhala pa kampando kawo kakafupi, pambali pa njanji. Percy atapereka moni ndi kuyamikira mtengo wa mango, anatsegula bokosi lake. Anachotsa siponji, anavundukula pepala lofewa. Ndisaname, chinthucho chinali chokongola. Sanachipake utoto. Chinali chachikasu ngati uchi wa m'botolo ukauyang'anitsa kudzuwa, ndipo tizitsulo togwirira tinali topyapyala ngati tsitsi. Bogi ya mkuwa sainyamula ndi dzanja limodzi. Mumaigwira kumapeto konse kuwiri, kuopa kupinda kanthu. Percy anaigwira choncho. Ndipo poti a Gwanda anakhala kufupi ndi pansi, iye anawerama, bondo limodzi litapindika, n'kutambasula manja onse awiri.

A Gwanda anayang'ana bogi, anayang'ana Percy. Anapukuta zikhatho pa thalauza. Kenaka anailandira ndi manja awiri.

"Amayi a John!" anaitana. "Tabwerani mudzaone zimene watichitira mwanayu."

Mayi Flossie analowa ndi kansalu ka mbale paphewa. "Aa! Golide?"

"Mkuwa. Ngati mabogi aja ankabwera ndi dizilo kuchokera ku Nacala. Ndendende."

"Watipatsa?"

"Ndi manja awiri."

Mayi Flossie anaomba m'manja mwaulemu, katatu. "Zikomo, mwana wanga. Amene anakulera adalitsike."

"Ine, mayi..." anatero Percy.

"Tipemphere," anatero a Gwanda.

Pemphero linali lalitali. Munali makolo a Percy, munali amisiri a ku Korea, munalinso John, kuti Mulungu amutsegule maso. Ine ndinatsinzina diso limodzi. Linalo linali pa bogi.

Titati ame, a Gwanda anayang'ana njanji. Samu imafuna mabogi asanu ndi atatu, osati asanu ndi anayi. Anatambasula dzanja, anatenga yobiriwira ija n'kuiika pawindo, pafupi ndi mphika wa maluwa.

"Ipume kaye," anatero.

Lamlungu lake mpingo wonse unadziwa. Pa tiyi, a Gwanda anayenda ndi foni tebulo ndi tebulo kuonetsa chithunzi. Amayi a Mvano anamuzungulira Percy ngati mkwati. Wina anati ana otere masiku ano ndi osowa, wina anafunsa ngati ali pabanja. Mng'ono wawo wa a Gwanda ku Balaka anaionera pa vidiyo, netiweki ikudukaduka. John, amene anakulira konkuno, atabwera kudzatenga makalata ake anangosuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Aye, nice one, Dad." A Gwanda anamuuza m'Chichewa, pang'onopang'ono kuti amve bwino, kuti wapereka ndi mwana wa eni ake.

Ine ndinkamwetulira. Ndinamwetulira mwezi wathunthu mpaka masaya kuwawa. Ndinkadziuza kuti si nsanje, ndikungofuna chilungamo. Pa nthawi yopuma kuntchito, anzanga akudya masangweji, ine ndinkakhala pa phaleti ya matabwa yoikapo katundu n'kumayang'ana mabogi a mkuwa pafoni. Ndinadziwa mitengo yake yonse ngati ndikufuna kutsegula shopu. Tsiku lina ndinapitadi kushopu ina ya zimenezi m'tauni. Mwini wake, mzungu wokalamba wamagalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, anatsegula kabati ndi kiyi, n'kundionetsa yotsika mtengo kuposa zonse. Inali yopindika makwerero. Atatchula mtengo ndinagwedeza mutu ngati munthu amene akuganizira, n'kutuluka ndi kabotolo ka guluu.

Percy sanajombe Loweruka ndi limodzi lomwe. Ankakhala moyang'anizana ndi bogiyo, ndipo injini ikaigunda poikola, ankatsinzina ngati amuponda chala. Kushanta sankatha. Maulendo 44. Maulendo 50. Tsiku lina tinangosiya, tiyi atazizira. Vuto lake linali loonekeratu: ankazungulira njira iliyonse kuti bogi ya mkuwa isasunthe.

"Akulu, ikokeni. Ili kutsogolo kwa zonse."

"Ndikuganiza kaye."

"Mwaganiza mphindi khumi. Anthu a ku Balaka akudikira dizilo."

"Musiye," anatero a Gwanda. "Kufulumira sikufika." Percy atapita kuchimbudzi anandinong'oneza: "Waona mmene amalemekezera mphatso yake yomwe? Ena akapereka amaiwala."

Ndikafunsa za baji ankangoti, "Tiona."

Mayi Flossie nawo anasintha kagawidwe. Kale chiwalo chachikulu cha nkhuku chinkabwera m'mbale yanga popanda kukambirana. Tsopano ankaima pakati pathu ndi chipande m'manja, n'kuganiza. Munthu wa digiri ziwiri sayenera kuzindikira zinthu zotere. Ndinazindikira kanayi.

Koma ine ndili ndi matenda amodzi. Chinthu chikatsala pambali, chosagwirizana ndi zinzake, chimandiyabwa mpaka nditapeza malo ake. Apa chotsala chinali bokosi. Tsiku loyamba lija Percy anatsika nalo masitepe m'khwapa, siponji, pepala ndi satifiketi ya nambala zili momwemo. Ndani amapatsa munthu nsapato n'kubwerera ndi zingwe zake?

Loweruka lina mu Januwale mvula inali yopingasa, ndipo Percy anati andiperekeze ku Partick. Ndikuponya chikwama pampando wakumbuyo, ndinaliona bokosi lija, litamangidwa lamba ngati mwana.

"Mwagulanso ina, akulu?"

"Ayi."

"Nanga muli chiyani?"

"Mulibe kanthu."

Tinadutsa maloboti awiri. Mpando unayamba kunditenthetsa.

"Mumabwera nalo Loweruka lililonse?"

Tinakwera mlatho. Kenaka anamenya chiwongolero ndi chikhatho.

"Aise, ine ndinangofuna kuwaonetsa."

Ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Usaseke, iwe. Miyezi isanu ndi itatu ndikudya mpunga ndi nyemba za m'chitini. Inafika Lachinayi, Loweruka n'kupita. Masiku awiri, mani. Ndinakhala nayo masiku awiri."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene liti? Pakati pa pemphero? Anthu akuti ame, ine n'kuti pepani bambo, bwezani? Chinthu chopempherera ungachilande bwanji?"

"Nanga bokosilo?"

"Sabata iliyonse ndimati lero ndikwera nalo. Ndikafika pansi pa masitepe ndimakumbukira nkhope yawo, n'kulibwezera m'galimoto." Anapukuta galasi ndi mkono wa juzi. "Mayi aja akunditumiziranso mandasi kuntchito. Ndikudya mandasi a foo eite."

"Akukoma?"

"Akukoma, ndiye vuto lake." Anaimika galimoto pafupi ndi siteshoni ya Partick, n'kunditembenukira. "Usauze munthu, Lusayo. Ndikukupempha."

"Ndingauze ndani?" ndinatero. Iye anamva ngati lonjezo. Nthawi imeneyo inenso ndinkaganiza kuti ndi lonjezo.

Ndinayenda nacho chinsinsicho masabata awiri. Munthu wabwino akanamumvera chisoni Percy. Ndinamumvera, pang'ono, Lachiwiri. Masiku enawo ndinkangoganiza kuti munthu akulandira madalitso, mandasi, mwinanso baji yanga, chifukwa chogwada molakwika.

Loweruka lomaliza la Januwale Percy anajomba koyamba, anali pantchito. Tinali awiri, ngati kale. Pampando wa pakona panali fomu ya chionetsero, yoyang'anitsidwa pansi, kapu itaipsinja.

"Lolemba ndikapereka mayina," anatero a Gwanda, akundipatsa chipewa.

Ndinatulutsa timakhadi tisanu. Bogi ya mkuwa inali yachitatu pamzere. Ndinamaliza ndi maulendo 14, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, ndipo ndinakhala tsonga kudikira mawu aja a bwana wa yadi. Iwo maso anali pa mkuwa.

"Ukudziwa, mnyamata uja sanandiuzepo mtengo wake. Ndinachita kufunsa a Lucius, akalaliki athu a mpingo, kuti andiyang'anire pa intaneti. Atandiuza ndinakhala pansi." Anapukusa mutu. "Zaka zonsezi m'dziko muno, palibe amene anandipatsapo kanthu ka pa njanji iyi ndi mtima wotere."

Bogi yobiriwira inali pawindo, kumbuyo kwa mutu wawo, itagwira fumbi.

"Sanakupatseni, bambo."

"Wati chiyani?"

"Anabwera kudzakuonetsani chabe. Mkuwa amaunyamula ndi manja awiri, ndi mmene amaunyamulira. Anagwada chifukwa inu munakhala pafupi ndi pansi. Bokosi lake lili m'galimoto. Amabwera nalo sabata iliyonse, koma amalephera kukwera nalo."

Ndinafotokoza bwino, mwadongosolo, ngati pa bolodi. Aphunzitsi anga akananyadira.

A Gwanda anazimitsa magetsi a njanji. Anadzuka n'kukatseka chitseko, kuti Mayi Flossie, amene ankamvera kwaya kukhitchini, asamve. Anakhalanso pa kampando kaja, n'kumayang'ana zikhatho zawo.

"Anakuuza yekha?"

"Inde, masabata awiri apitawo."

"Anakutuma kuti undiuze?"

"Ayi."

"Anati usanene."

Limeneli silinali funso.

"Ndinalanda mwana chinthu chake," anatero a Gwanda. "Ndi pemphero lomwe."

"Simunadziwe, bambo."

"Ndinauza mpingo. Ndinauza Balaka. Ndinamuchititsa manyazi John wanga, pakhomo pomwepo, chifukwa cha mphatso imene kulibe."

Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma. Ndinafufuza mkati mwanga, koma sindinapeze kanthu. Kukhitchini kwaya inamaliza nyimbo n'kuyamba ina.

"Chabwino, wa masamu," anatero. "Wapeza vuto, upezenso yankho." Anayamba kupinda zala. "Bogi ibwerere kwa mwini wake. Percy asadziwe kuti ndadziwa, angafe ndi manyazi. Amayi a John asadziwe. Mpingo usadziwe. Ndipo ine ndisaname."

Yankho ndinaliona asanamalize kupinda chala chachisanu. Ndinaonanso munthu amene yankholo likumusiya panja. Ndiye ndinayamba ndi ena.

"Mumuuze kuti ndi yolemera, injini ikuvutika."

"Siikuvutika. Limenelo ndi bodza."

"Mumupatse pa tsiku lake lobadwa."

"Kubweza mphatso kwa amene anaipereka? Kwanu ku Karonga mumatero? Kwathu kumeneko n'kutukwana."

"Muigule."

"Ndi penshoni ya basi? Ndipo ndikangotulutsa ndalama, wadziwa."

"Ndiye mumuuze mawa kutchalitchi kuti akusungireni."

"Popanda chifukwa? Masabata awiri chikuuzire iwe? Mnyamata uja sadziwa kushanta, koma si chitsiru. Adziwa kuti waulula, ndipo adziwa kuti ndadziwa." Anandiyang'ana, koyamba chitsekere chitseko. "Lusayo, ndakuonerera chaka chathunthu. Ukapeza yankho umagwedeza mwendo. Mwendo wakowo unayamba kalekale."

Ndinagwira bondo. Ndikanatha kukhala chete. Ndikananena kuti ndikaganiza kunyumba, Lolemba n'kudutsa, fomu n'kupita. Koma kudziwa yankho osalinena sindinathepo, ngakhale kupulayimale, kumene anzanga ankandidikirira kuseri kwa kalasi chifukwa cha khalidwe lomweli.

"Ku chionetsero," ndinatero. "Malamulo awo amati zinthu zodula zisatsale m'holo akatseka. Ndiye bogi iyenera kutuluka madzulo aliwonse, m'bokosi lake. Bokosi lili ndi Percy. Lachisanu apite nayo, Loweruka abwere nayo, palibe angadabwe. Lamlungu, mukamapakira njanji, mumuuze kuti apitirize kukusungirani, chifukwa kuno chinyezi chimadetsa mkuwa."

Anayang'ana pakona ya denga, pamene pali banga lakuda. "Chinyezi chilipo. Si bodza."

"Ndipo musadzaifunsenso. Kwa mpingo idakali yanu. Kwa mayi idakali yanu. Koma ili m'kabati mwake."

"Akatseka zitseko, mkati mwa chingwe mumatsala ndani?"

"A mabaji okha."

"Mabaji ndi angati?"

"Awiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Yankholi lilibe bowo?"

"Lilibe," ndinatero. Ndinali nditalifufuza kale, mbali zonse.

Anatulutsa foni m'thumba la malaya. Makutu awo anayamba kuvuta, ndiye amaimba pa sipika, foni atayiika patali ngati ikutentha.

"Percy, mwana wanga, uli pantchito? Sindikuchedwetsa. Ku chionetsero udzaima nane. Ubwere ndi bokosi lija, akuti zinthu zodula zisamagone m'holo. Uzidzapita nayo kwanu madzulo."

Kumbali inayo kunamveka chinthu chikugwa, ngati botolo la mapiritsi.

"Ine, bambo? Nanga Lusayo? Iyeyo ndi amene amatha. Ine ndidzangokuchititsani manyazi pamaso pa azungu."

"Lusayo ndi amene wakusankha."

"Zoona? Ali pompo? Aise! Iwe ndi munthu. Sindinkadziwa kuti uli ndi mtima wotere."

"Inenso sindinkadziwa, akulu," ndinatero.

"Akuphunzitsa Loweruka likubwerali ndi linalo," anatero a Gwanda. "Ndikufuna ufike pa 25. Uzisuntha mabogi onse, wamva? Onse."

Atadula foni, anachotsa kapu pampando wa pakona n'kutembenuza fomu. Pamzere wa womuthandiza panali kale dzina, lolembedwa ndi pensulo, m'zilembo zazikulu za anthu akale: LUSAYO. Pansi pake panali deti la Lachitatu lapitalo.

Anapapasa m'matumba a malaya, anapapasa a thalauza.

"Uli ndi labala?"

Munthu wa masamu sayenda wopanda labala. Ndinapisa m'thumba n'kuwapatsa. Anatsamiritsa fomu pa bondo n'kufuta mosamala, chilembo chimodzichimodzi, kuti pepala lisang'ambike. Atamaliza anauzira, ndipo tinyenyeswa tinagwera pa njanji.

"Tenga burashi," anatero, osandiyang'ana. "Injini imadana ndi zinyalala."